Nkhope ya Limbani pa Maposita a Khirisimasi

Ana anga, Tadala ndi Mphatso, pamodzi ndi adzukulu amene mudzadziwe kuwerenga m'tsogolo muno, za ubwana wanga ku Maganga ndinakusimbirani kale pakamwa mpaka munatopa nazo. Pano ndikufuna ndikusiyireni za ntchito imene Mulungu anatidyetsa nayo bambo anu atatisiya. Sukulu ndinalekeza Sitandade 7, ndiye mukapeza mawu opotoka muwongole nokha, musandiseke.

1999

Ntchito yanga yoyamba inali yosesa mu ofesi ya mpingo wathu pa boma pa Salima. Pakona pa ofesiyo panali makina akale osindikizira, opukusa ndi dzanja, ndipo amene ankawadziwa anali mlembi, mayi Chisale. Tsiku lina phewa linawavuta, ndiye anandiitana ndili ndi tsache m'manja. "Anaphiri, manja anuwo analengedwera tsache lokha? Tabwerani mugwire apa." Ndinapukusa. Nditaona nyimbo imodzi yomweyo ikutuluka pa pepala ili, ndi ili, ndi linanso, yosasiyana ngakhale kadontho, ndinangoti kakasi. Mayi Chisale anaseka mpaka misozi. Kuchokera tsiku limenelo tsache ndinkaligwira m'mawa wokha, masana ndinali wa pamakina. Inki yake inkalowa m'zikhadabo osachoka ngakhale nditatsuka ndi phulusa. Iwe Tadala unkakana kuti ndikusendere mbatata, unkati amayi ali ndi zala za makala. Mayi Chisale anagona kale, Mulungu awasunge. Anandipatsa ntchito ya m'manja pamene ine ndinangopempha yosesa.

2005 mpaka 2016

Mpingo utagula kompyuta makina aja anawatsekera m'chipinda, ine ntchito inandichepera. Mayi Chisale omwewo anakandilankhulira kwa a Mbewe, amene anali atatsegula shopu yosindikiza m'tauni. A Mbewe anali bambo wamfupi wa mawu aakulu, wosachedwa kupsa mtima komanso wosachedwa kuiwala. Ndisanalembe zimene zikubwerazi ndinene kuti sanali munthu woipa. Mphatso atakomoka ndi malungo, ndi iwowa anatseka shopu masanasana n'kutinyamula pa galimoto yawo mpaka kuchipatala.

Ntchito yanga inali kudula mapepala ndi chimpeni chachikulu cha patebulo, kupinda, kumanga timabuku ndi kumata pulasitiki. Chaka chonse tinkadya za makhadi a ukwati, timapepala ta mwambo wa maliro ndi mayeso a masukulu. Koma kukolola kwathu kunali mu Disembala. Eni mabala, eni malo ogona alendo kunyanja, makwaya, mipingo ya misonkhano ya chitsitsimutso, ogulitsa zovala ndi nsapato, aliyense ankafuna maposita a Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, ndipo aliyense ankafuna ake atuluke lero.

A Mbewe anali ndi malamulo awo. "Posita si kalata ya chibwenzi," ankatero kasitomala akabwera ndi mawu odzaza tsamba. "Munthu ali mu minibasi, wapanikizika ndi beseni la usipa, mpata wake ndi wa kuphethira kamodzi. Aone tsiku, aone malo, aone nkhope. Basi." Posita yoyamba ikatuluka ankandituma kutsidya kwa msewu kuti ndikaiimike pamwamba pa mutu wanga, iwo ataima pakhomo atatsinzina diso limodzi. Akalephera kuwerenga, tinkayambiranso. Anthu a pamsika anazolowera kundiona nditaima choncho ngati chowopsezera mbalame m'munda wa mpunga. Mtundu wobiriwira ankaukana, chifukwa mu Disembala dziko lonse limakhala lobiriwira ndipo posita imangosowa m'masamba a mango. Iwo ankafuna zofiira ndi zachikasu. Chomatira ndinkaphika ine kuseri kwa shopu, phala la ufa wa chinangwa, ndipo tinaphunzira ndi misozi kuti posita imamatidwa pamwamba, chifukwa ukamata m'munsi mbuzi zimatsata fungo la phala n'kudya kwaya yonse.

Zosowa zinalipo zambiri. Magetsi ankazima ntchito ili pakati, jenereta ilipo koma mafuta palibe. Mapepala ndi inki zinkachokera ku Lilongwe, ndipo chaka china inki yofiira inasowa komweko, maposita athu onse anatuluka ngati ndiwo zamasamba. Tinkapemphera, tinkadikira, magetsi akayaka tinkathamanga ngati anthu okolola mvula ikubwera.

Panali chizolowezi chimodzi chimene sindinachiganizirepo n'kamodzi komwe. Chithunzi chilichonse chimene munthu wabwera nacho pa shopu, cha ukwati, cha chiphaso, cha maliro, chinkatsala mu kompyuta ntchito ikatha. Palibe ankafufuta. A Mbewe ankanenanso kuti nkhope za azungu ndi za anthu akunja za pa intaneti sizikoka anthu a kuno. "Munthu amafuna nkhope yoti angakumane nayo pamsika." Poyamba ankapempha eni ake. Kenako changu cha Disembala chinadya kupempha kuja, ndipo tonse tinangozolowera.

2017

Panali mnyamata wina wa ku Khombedza, dzina lake Limbani, woyendetsa njinga yamoto. Ankagwira ntchito m'tauni, ndipo kawirikawiri ankanyamula makireti a zakumwa kupita nawo kunyanja, ku malo achisangalalo a bambo wina wolemera dzina lake a Kamwendo. Ine ankandinyamula mvula ikandipeza panjira, ndipo ndikatulutsa ya ulendo ankati, "Mayi, mudzandipatse tsiku la ukwati wanga." Mu Okutobala anabwerako kwa a Kamwendo akudandaula mutu, anagona, osadzukanso. Malume ake, a Gwaza, anabwera pa shopu ndi foni kuti tisindikize timapepala ta mwambo wa maliro. Pa chithunzi chimene anasankha tinadulapo mutu wokha, waung'ono, wopanda mitundu. Timapepalato ndinapinda ndine, ndipo kumaliro ndinapita.

Mwezi wotsatira amene ankakonza zinthu pa kompyuta anasiya ntchito, a Mbewe n'kulemba a Fatsani, bambo wa ana awiri wochokera ku Lilongwe, waluso kwambiri koma wosadziwa munthu aliyense kuno. Mu Disembala a Kamwendo anaitanitsa maposita ambiri a phwando la Khirisimasi pamchenga. Anasindikizidwa Lachinayi, tsiku limene ine ndinkakhala ku msonkhano wa amayi kutchalitchi. A Mbewe anangowaona mothamanga, anadula a Fatsani okha, ndipo madzulo ake anali atapatsidwa kale kwa makondakitala a minibasi kuti akamate njira zonse, pamodzi ndi phala limene ndinaphika dzulo lake.

Lachisanu m'mawa ndinatsika pa kabaza pafupi ndi mtengo wa mango umene uli moyang'anana ndi shopu. Ndinakweza maso. Pamwamba panali malemba achikasu akuluakulu, m'munsi mwake nyanja, ndipo pakati panali Limbani. Limbani wathunthu, wamitundu, malaya oyera, akuseka, dzanja atakweza, m'dzanjamo muli botolo la mowa. Ana anga, ndaonapo zinthu pa moyo wanga, koma zoterezi ndinali ndisanazionepo. Ndinapezeka ndakhala pansi m'matope ndi chitenje changa chatsopano. Wa kabaza anati, "Mayi, ndi shuga kapena?" Ine ndinangoloza mtengo.

Nditalowa mu shopu ndinapeza a Fatsani akuimba mluzu.

"Amayi, mwaiona panjapo? Yabeba eti? Botolo lija ndaikapo ndekha, simungadziwe n'komwe."

"Achimwene, munthu ameneyu mwamutenga kuti?"

"Mu kompyuta momwemu. Netiweki inavuta dzulo, ndiye ndinangofufuza m'zithunzi zakale. Mnyamata woseka bwino chonchi tingamusiye?"

"Munthu ameneyu tinamuika m'manda mu Okutobala."

Mluzu unathera pomwepo. A Fatsani anandiyang'ana, anayang'ana kompyuta, kenako anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Mayo ine. Amayi, nenani kuti mukucheza." A Mbewe atafika n'kumva, anavula magalasi, anawavalanso, anatuluka kukayang'ana pamtengo, anabwerera ali chete, chinthu chimene sindinachionepo chiyambire. Tisanaganize chochita foni yawo inalira. Anali kondakitala amene anamata maposita njira ya ku Khombedza. Mawu ake ankamveka mpaka pamene ndinaima. Ankati kumeneko kwavuta. Anthu aunjikana pamsika, akunena kuti a Kamwendo ndi amene anapha Limbani m'matsenga kuti akhale ndondocha yawo yowakokera makasitomala, ndipo tsopano afika pomuonetsa poyera. Ankati anyamata a njinga zamoto akusonkha petulo, a Gwaza akufunafuna lole, ndipo likamapendeka dzuwa akhala atafika kunyanja.

Ine ndine munthu wopemphera. Za mumdima sindikangana ndi munthu, sindizidziwa. Koma chinthu ichi chokha ndinkachidziwa mmene chinachitikira, kuyambira pa foni imene a Gwaza anabwera nayo mpaka pamtengo. A Kamwendo chithunzicho sanachisankhe. Anangoti, "Muikepo munthu wosangalala."

Ndinati, "Bwana, tiyeni tikwere galimoto tikawauze."

A Mbewe anatseka chitseko cha shopu n'kutsamira pomwepo. "Tikawauze chiyani? Kuti ndife? Anaphiri, anthu amenewo ali ndi petulo m'manja. Mukufuna abwere naye kuno?" Anapukuta thukuta. "Tamverani nonse awiri. Pano pasapezeke wotsegula pakamwa. Wina akafunsa, chithunzicho anabwera nacho a Kamwendo eni ake. Iwo ali ndi mpanda, ali ndi alonda, ali ndi anzawo kupolisi. Ife tili ndi chiyani?"

Apa ndiye ndinazizidwa kuposa pamtengo paja. Munthu amene anandinyamulira mwana kuchipatala ndi amene ankalankhula zimenezi. Ndinati, "Bwana, umenewo ndi umboni wonama, ndipo kumapeto kwake kuli mtembo. Pamalo paja pamagona atsikana ophika, pali alonda. Mpanda suzimitsa moto."

"Ndiwaimbira apolisi, osatchula dzina."

"Apolisi abalalitsa anthu lero. Mawa bwanji? Mkucha? Dzina la mfiti likamumata munthu silichoka ndi utsi wokhetsa misozi."

"Mayi inu, Mphatso wanu ali Fomu 3. Mukatuluka pakhomo apa kupita kumeneko, musadzabwerenso. Ndanena."

Ndinapita kuseri kumene ndinkaphikira phala, ndinayala katoni n'kugwada. Ndinkafuna kupemphera pemphero lalitali koma mawu anakana. Ndinkangoona iwe Mphatso ndi yunifolomu yako, kenako ndinkaona moto pa denga la udzu la kunyanja kuja. Chimene chinatuluka ndi ichi chokha: "Ambuye, miyendo iyi ikunjenjemera, koma ndi yanu." Ndinadzuka, ndinavula epuloni, ndinaipinda bwinobwino n'kuiika pa tebulo lodulira. A Mbewe sanandiyang'ane. A Fatsani anali akulira ngati mwana, ndipo sindinawaweruze, anali mlendo ndipo akanapita iwo sakanabwerako.

Mu minibasi ya ku Khombedza nkhani inali yomweyo. Mayi wina wa beseni la nsomba pamiyendo anati, "Ine ndinkanena kale. Nyumba zonse zija munthu angamange ndi mowa wokha?" Bambo wina kumbuyo anati, "Akuti alonda amamuona akusenza makireti anthu atagona." Kondakitala anati, "Ndiye bola iyeyo ntchito anaipeza, ife amoyofe tikungozunzika." Ena anaseka, gogo wina n'kumukalipira, "Iwe, pakamwa pakopo! Mwana wa eni ake ameneyo." Ndinkayang'ana pawindo, ndipo tsiku limenelo ndinaona kuti malamulo a a Mbewe ankagwiradi ntchito. Minibasi ikuthamanga, ine wopanikizika, koma pa mtengo uliwonse waukulu ndinkaona tsiku, ndinkaona malo, ndinkaona nkhope. Zofiira ndi zachikasu zili waliwali pakati pa masamba, pamwamba posafika mbuzi. Limbani ankandiseka njira yonse.

Pakhomo pa amayi ake a Limbani, Anabanda, panali anthu ngati tsiku la maliro lomwe. Lole yonyamula mpunga inali itaima pamsewu, anyamata atakwera kale ena ndi zikwanje. Njinga zamoto zinali ndandanda, zigubu za petulo zili pansi pa mtengo. A Gwaza anaima pakati, posita ili m'manja, maso ali psuu. Ndinadutsa pakati pa anthu osadziwa kuti ndikuyenda bwanji, ndinafika pamaso pawo n'kugwada m'matope momwemo.

"Zikomo bambo. Ine ndine Naphiri. Ndimagwira ntchito pa shopu imene inasindikiza pepala limene mwagwiralo. Ndabwera kudzanena kuti a Kamwendo chithunzichi sakuchidziwa. Kulakwa ndi kwathu."

Phokoso linabuka. "Wamutuma Kamwendo ameneyu!" "Wakudyetsa chiyani, mayi iwe?" "Tiyambe ndi iyeyu!" Chinachake chinandimenya pamsana, ndikuganiza chinali chitsononkho. Mnyamata wina anandikoka duku. Ndinatseka maso n'kunena mumtima kuti Ambuye, ana anga ndi anu. A Gwaza anakweza dzanja anthu n'kukhala chete pang'ono.

"Ngati si Kamwendo, chithunzi cha mphwanga anakupatsani ndani?"

"Inuyo, bambo."

"Ine?"

"Mu Okutobala. Munabwera ndi foni ya mlongo wake wa malemu. Munati tisankhe chimene akuseka, chifukwa sanali munthu wokwiya. Pa timapepala ta maliro tinadulapo mutu wokha, n'chifukwa chake simunachizindikire. Koma chathunthu chinatsala mu kompyuta yathu. Wantchito watsopano, wosamudziwa Limbani, anachipeza n'kuchitenga. Botolo anachita kuikapo ndi makina. Itanani mwini foni muone."

Mtsikanayo anabwera, anafufuza, n'kupereka foni kwa malume ake. A Gwaza anayang'ana foni, anayang'ana posita, kangapo konse. Anyamata anatsika mu lole kudzasuzumira. Malaya omwewo, nyanja yomweyo, dzanja lomwelo, koma lopanda kanthu, likungopereka moni. Mmodzi wa anzake a njinga anati chapansipansi, "Ndinajambula ndine chimenechi, tsiku la Pasaka." Ndinamva mtima wanga ukutsika. Ndinaganiza kuti zatha.

A Gwaza anabweza foni pang'onopang'ono. "Ndiye mukundiuza kuti ine ndinakupatsani mphwanga kuti mutithandize kumulira, inu n'kumusunga ngati kaunjika, n'kumugulitsa kwa a mowa?" Anatembenukira kwa anyamata aja. "Mwamva nokha. Kunyanja sitipitako. Lole iyi ipite ku shopu."

Ana anga, apa ndinaona mdima masana. Zimene ankaopa a Mbewe zija zinali zoona. Ndinachotsa moto pa denga la munthu wina n'kukauika pa denga la amene anandidyetsa zaka zonsezi, ndipo a Fatsani anali momwemo. Ndinayesa kulankhula koma injini ya lole inali italira kale. Nthawi yomweyo mtsikana wa foni uja anandigwira paphewa. "Akukuitanani amayi m'nyumba."

Ndinalowa chokwawa. Anabanda anakhala pamphasa, atavala zakuda, ataonda kuposa mmene ndinawaonera kumaliro. Pamiyendo pawo panali posita, m'manja muli lezala. Anali atadula malemba onse, atadula nyanja, ndipo pamene ndinkalowa anali akuchotsa botolo m'dzanja la mwana wawo, pang'onopang'ono, kuopa kudula chala. Zidutswa zinali mbwee pamphasa. Sanandiyang'ane mpaka anamaliza.

"Ndamva zonse pawindo," anatero. "Inu si amene munaimba nyimbo ija kumanda, anzanu atasowa poyambira?"

"Ndine, mayi."

"Mapepala amenewa alipo ambiri?"

"Ambiri, mayi. Njira zonse."

"Pamitengo?"

"Pamitengo ndi m'makoma."

Anadzuka movutikira, anandigwira dzanja, tinatuluka. Sanakuwe. Anangoima pakhonde atanyamula mwana wawo wa pepala pachifuwa, ndipo anthu atawaona anayamba kutontholetsana mpaka woyendetsa lole anazimitsa injini.

"Achimwene," anatero kwa a Gwaza, "mukakatentha kumeneko, mwana wanga atsika pamitengopo?"

A Gwaza anati, "Mlongo, anthu awa atinyoza."

"Atinyozadi. Mlandu wake mukamba mawa, akuluakulu alipo. Koma kumwambaku mwakuona? Mvula ikubwera, ndipo mwana wanga ali panja kuyambira dzulo, agalimoto akumuthira fumbi, oledzera akumuloza. Inu anyamata, mumati munali anzake. Petulo muli naye kale. Thirani mu njinga zanuzo mukanditengere mwana wanga. Paliponse pamene ali. Osang'amba."

Mnyamata wojambula uja ndi amene anayamba. Anatola chigubu, anatsegula thanki ya njinga yake n'kuthira. Wachiwiri anatsatira. Ndinaona ndi maso angawa petulo amene anasonkhedwa kuti atenthe nyumba akulowa mu njinga imodziimodzi. Anandifunsa njira zimene maposita anapita, ine n'kuwauza, ndipo ndinawalangiza kuti anyowetse m'mbali ndi kansalu, phala la chinangwa limafewa ndi madzi. Anabalalika, ena cha ku boma, ena njira ya kunyanja. Lole inabwerera kukanyamula mpunga.

Za ntchito ndinene pompano kuti mudziwe chifukwa chake chaka chimene chija Khirisimasi tinadyera mbatata. A Mbewe mawu awo sanabweze. Mlandu unakambidwa, iwo anakapepesa ku Khombedza ndi mbuzi, maposita ena anasindikiza ndi chithunzi cha nyanja yokha, koma ine anati ndinaika shopu yawo pakamwa pa ng'ona. Sindinawatsutse, chifukwa ndinaiikadi. Dzinja lonse ndinagulitsa mandasi pa depoti, ndipo mpingo unandithandiza kuti Mphatso asasiye sukulu. Pambuyo pake ndinalembedwa pa shopu ina yaing'ono kumene ndinagwira mpaka maso anayamba kuvuta mu 2023. A Kamwendo mpaka lero sandidziwa, amandidutsa pa galimoto. A Mbewe tinadzagwirana chanza patapita zaka, pa ukwati wa mwana wawo, ndipo ndimathokoza Mulungu kuti tinafika pamenepo tonse tili moyo.

Koma tsiku lija sindinabwerere msanga. Anabanda anati ndikhale. Anyamata anayamba kufika mmodzimmodzi, maposita atawabisa m'malaya kuopa madontho oyamba, ndipo aliyense ankagwada pakhomo n'kupereka ndi manja awiri. Mtsikana uja anakagula malezala ena pa okala. Tinakhala pamphasa atatu, ine, mayi ndi mwana wawo wamkazi, tikuchotsa mabotolo. Mvula inagwa yamphamvu, denga la malata likuchita phokoso moti sitinkamvana, ndiye tinkangodula. Itachepa, Anabanda anasanja ana awo aja pamphasa, nkhope yomweyo, kuseka komweko, kuyambira kukhoma mpaka pakhomo. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Chithunzi chachikulu cha mwana wanga ndinalibe," anatero. "Ndinkangomuona pa kafoni, mpaka batire kutha."

Ndinati, "Mutikhululukire, mayi."

Anatola zidutswa za mabotolo zija, anazikulunga m'pepala n'kundiika m'manja.

"Izi ndi zanu, mubwerere nazo. Ndipo mukawauze abwana anuwo kuti Limbani sankamwa mowa."